Phwando la Ukwati Pamene M'thumba Mwaperewera

Ukwati wa masiku ano m'matauni a Malawi suthera tsiku limodzi. Umayamba ndi kukumana kwa ankhoswe, kenaka chinkhoswe chapoyera, kenaka mwambo wa amayi wolangiza mkwatibwi ndi kumusonkhera ziwiya, umene ambiri amautchula kuti bridal shower. Pomaliza pamabwera tsiku lalikulu: kudalitsa ukwati m'mawa, zithunzi ndi nkhomaliro masana, ndi madyerero a kuholo mpaka dzuwa kupendeka. Mwambo uliwonse umafuna malo ake, zovala zake, woyendetsa mwambo wake ndi zoimbira zake. Kwa mnyamata ndi mtsikana amene malipiro awo amathera ku lendi, ufa, makala ndi minibasi, zonsezi ndi katundu wolemera, ndipo apa ndi pamene pamabuka mtsutso umene wafala m'makomiti a maukwati, m'mipingo ndi m'mabanja. Mbali ina imati ukwati uchepetsedwe mpaka ulingane ndi ndalama zimene akwati ali nazo m'manja. Mbali inzake imati ukwati ndi wa anthu, ndipo anthuwo akaitanidwa bwino ndalama sizisowa.

Mbali ziwirizi zimavomerezana pa mfundo imodzi, yoti phwando silimanga ukwati. Lamulo la maukwati lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2015, limazindikira mitundu inayi ya ukwati: womangitsa kuboma, wachikhalidwe, wachipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ngati banja. Wotsirizawu umazindikiridwa pokhapokha khoti litagamula, ndipo awiriwo ayenera kuti adakhala limodzi zaka zosachepera 5. Lamuloli limafuna kuti okwatirana akhale a zaka 18 kapena kuposa apo ndiponso kuti onse awiri avomere mwaufulu. Za holo, keke ndi mdipiti wa galimoto silinenapo kanthu.

Mwambo wa makolo nawonso sufuna zambiri. Kwa Achewa, Amang'anja ndi mitundu ina yowerengera mtundu kuchikazi, chimene chimakhazikitsa banja ndi unkhoswe. Ankhoswe a mbali ziwiri, amene kawirikawiri amakhala amalume kapena achimwene a akwatiwo, amadziwana, amasinthana nkhuku, tambala kuchokera kuchimuna ndi msoti kuchokera kuchikazi, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndiwo amamva madandaulo a banjalo, amathamanga pa matenda ndi kuyankha pa maliro. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde ndi Asena pamakhala malowolo, amene ndi nkhani yolemera payokha, koma nawonso amakambidwa ndi akuluakulu owerengeka atakhala pansi. Mpingo umafuna kuti akwati alembetse, aphunzitsidwe, ukwati ulengezedwe kwa masabata angapo, ndipo pakhale mboni. Ndowa ya Chisilamu imafuna shehe, mboni ndi mahari. Chimene anthu akulimbirana tsono ndi zimene zaunjikana mozungulira miyambo imeneyi.

Mtsutsowu wakula m'zaka zaposachedwa chifukwa cha kukwera mtengo kwa zinthu. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idachepetsanso ndi 44 peresenti, mtengo wa dola imodzi m'mabanki n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Zambiri zofunika pa ukwati wa m'tauni zimachokera kunja: nsalu za madiresi, masuti, mphete, maluwa apulasitiki, tirigu wa ufa wa keke ndi mafuta a galimoto. Malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa mu 2024 adali K90,000 pamwezi. Wolandira ndalama zotere, ngakhale wolandira kawiri kapena katatu kuposa pamenepa, amayenera kudzimana kwa miyezi yambiri kuti akwanitse holo ya m'tauni yokha, ndipo pamene iye akusunga, mitengo imakhala ikumuthawa.

Ofuna ukwati wochepa amayambira pa ngongole. Iwo amati banja limayamba m'mawa wa tsiku lotsatira phwando, ndipo tsiku limenelo pamafunika nyumba yolipiridwa kale, bedi, matiresi, mbaula, mapoto ndi chakudya chofikitsa kumapeto a mwezi. Eni nyumba ambiri m'tauni amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi kwa munthu wolowa kumene. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti kukatsala sabata imodzi, malonjezo a anthu amakhala asanakwaniritsidwe, pomwe wokongoletsa holo, wa zoimbira ndi wojambula akufuna ndalama zawo zotsala. Mkwati amathamangira kokatenga malipiro a mwezi wamawa, kubanki mkhonde, kapena kwa akatapila. Wokongola K500,000 kwa katapila wofuna chiwongoladzanja cha theka pamwezi ayenera kubweza K750,000 mwezi ukatha, ndipo akalephera, ngongoleyo imaberekana. Chikole chake chimakhala khadi la kubanki, TV, kapena mphatso zimene zangolandiridwa kumene paukwatipo. Mkangano woyamba wa mabanja ambiri otere umakhala wa ndalama zimene zidadyedwa kale ndi anthu ena, ndipo umagwera anthu awiri amene sanazolowerane n'komwe kukambirana za chuma.

Mfundo yachiwiri ya mbali imeneyi ndi yamphamvu kuposa ya ngongole, ngakhale siitchulidwa kawirikawiri. Anthu akakhulupirira kuti ukwati wopanda phwando lalikulu ndi wochititsa manyazi, osauka amangoleka kumangitsa ukwati. Chibwenzi chimatalika, mimba imabwera, awiriwo amalowana, ndipo mawu oti adzakonza zinthu zikadzayenda bwino amatha zaka. M'mipingo yambiri anthu olowana amaimitsidwa kulandira mgonero kapena ukaristia, ndipo sapatsidwa udindo. Choopsa kwambiri chimagwera mkazi. Ngati palibe ankhoswe, alibe kokadandaula pamene mwamuna wayamba nkhanza kapena wasiya kusamala ana. Mwamuna akamwalira, achibale ake amatha kunena kuti mkaziyo samudziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana, koma mkazi wopanda chikalata kapena ankhoswe amayenera kuyamba watsimikizira khoti kuti adali pabanja, ndipo ngati zaka 5 sizidakwane, mlandu wake umakhala wovuta. Apa kukula kwa phwando kumakhala kwatsekereza chinthu chimene phwandolo limayenera kukondwerera.

Palinso dandaulo la anzawo a akwati. Munthu amangozindikira kuti waikidwa m'gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati popanda kufunsidwa, dzina lake lili pa mndandanda wa malonjezo, ndipo msungichuma akukumbutsa tsiku ndi tsiku nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Yemweyo agule nsalu ya yunifolomu ya chinkhoswe, alipire telala, agule khadi la bridal shower, asinthitse ndalama zoponya patsikulo, ndipo mwina agulenso mphatso. Operekeza akwati amadzigulira okha zovala, nsapato ndi kukonzetsa tsitsi, kuwonjezera pa mayendedwe opita kokaphunzira magule kwa masabata angapo. M'nyengo ya maukwati, kuyambira pamene anthu akolola mpaka mvula isanayambe, munthu mmodzi amatha kukhala m'makomiti angapo nthawi imodzi. Ofuna ukwati wochepa amati si chilungamo kuti anthu awiri asankhe holo yodula kenaka n'kugawira anzawo mtengo wake.

Iwo amakumbutsanso za 2020. Mu Malichi chaka chimenecho boma lidaletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19, ndipo m'miyezi ina yotsatira chiwerengerocho chidatsitsidwanso. Maukwati adamangidwabe, ena pakhomo, ena m'tchalitchi mokha, ndipo palibe amene amati mabanja amenewo ndi operewera.

Oteteza phwando lalikulu sakana kuti ngongole ndi yoipa. Chimene amakana ndi ganizo loti ukwati ndi nkhani ya anthu awiri. Kwa iwo ukwati umalumikiza mabanja awiri, midzi iwiri, nthawi zina mitundu iwiri ndi mipingo iwiri, ndipo khamu limene lasonkhana ndi mboni zimene zidzakumbutse akwatiwo malonjezo awo. M'dziko limene anthu ambiri alibe inshuwalansi kapena penshoni, achibale ndiwo amagona kuchipatala ndi wodwala, amasonkha za bokosi, amalera ana amasiye ndi kusunga mwana amene wapeza sukulu m'tauni. Azakhali amene adamva kwa anthu ena kuti mwana wa mlongo wawo wakwatiwa saiwala msanga. Tsiku la mavuto amatha kuyankha kuti ukwati umenewo iwo saudziwa, ndipo kuyankha kotere kumapweteka kuposa ndalama zimene zikadagula thiransipoti ndi mbale ya mpunga. Ena amawonjezera kuti ukwati wa kabisira umapereka mpata kwa achinyengo. Cholinga cholengeza ukwati m'tchalitchi ndi kuuchitira poyera n'chakuti ngati mwamunayo ali ndi mkazi wina ku Mzimba kapena ku Johannesburg, wina amve n'kulankhula nthawi ikadalipo.

Mfundo yawo yachiwiri imakhudza makolo. Mayi amene wakhala zaka zambiri m'gulu la Mvano, Chigwirizano kapena Umanyano, kapena mu mphakati wa Akatolika, wavina ndi kuponya ndalama pa maukwati a ana a anzake osawerengeka. Wasenza nkhuni, waphika, wagula mayunifolomu. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo mayi ameneyu wakhala akuika. Tsiku la ukwati wa mwana wake ndi tsiku limene anzakewo amabweza. Mwana akanena kuti akufuna ukwati wa anthu 30 okha, amakhala wawalanda mayi ake zimene adasonkha kwa zaka zonsezo, komanso wawachotsera ulemu woonetsa poyera kuti adalera mwana mpaka kumupereka m'manja mwa ankhoswe. Achinyamata ena amaona ngati makolo akungofuna kudzionetsera, koma makolowo amakhala akuwerengera ngongole zenizeni za ubale zimene anawo sazidziwa.

Mbali imeneyi imatinso chisangalalo si cha olemera okha. Munthu amene moyo wake wonse ndi wopanikizika ali ndi ufulu wokhala ndi tsiku limodzi lovala bwino, lojambulidwa, loimbiridwa ndi kululutiridwa. Malangizo oti osauka achepetse phwando nthawi zambiri amachokera kwa anthu amene okha adachita lawo ku BICC ku Lilongwe kapena ku Comesa Hall ku Blantyre. Pomaliza amatchula atelala, ophika makeke, ojambula, obwereketsa mipando ndi matenti, amene amadyera pa maukwati. N'zoona kuti anthu amenewa amapeza mpamba pamenepo, koma mfundoyi ndi yofooka, chifukwa banja latsopano lilibe udindo wolowa m'ngongole kuti malonda a ena ayende.

Mtsutso umafika pachimake pa nkhani ya perekaniperekani, pakuti apa ndi pamene ukwati wa ku Malawi umasiyana ndi maukwati a maiko amene mlendo aliyense amakhala mtolo kwa eni phwando. Pa madyerero a kuholo, woyendetsa mwambo amaitana magulu mmodzimmodzi: akuchimuna, akuchikazi, anzake a mkwati a kuntchito, amayi a kumpingo, ochokera boma lakutilakuti, ngakhale ochemerera Bullets ndi ochemerera Wanderers kuti apikisane. Gulu lililonse limanyamuka ndi nyimbo yake, kuvina mozungulira akwati ndi kuponya ndalama m'lichero kapena m'beseni. Pambali pamakhala tebulo la owerengera ndalama, amene amasintha ma K5,000 ndi ma K2,000 kukhala ma K50, ma K100 ndi ma K200 kuti munthu avine nthawi yaitali dzanja lisanaume. Kenaka zidutswa za keke zimagulitsidwa pa mtengo wopikisana. Reserve Bank of Malawi yakhala ikudandaula kuti ndalama zamapepala zimaonongeka msanga chifukwa chopondedwa pa zochitika zotere, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene makomiti ena amalimbikitsira kuponya m'chotengera osati pansi.

Pa madyerero a mtundu uwu, alendo ambiri salandira nkhomaliro. Amalandira botolo la chakumwa ndi kaphukusi ka zokazinga, ndipo chakudya chenicheni chimaphikidwa kunyumba kwa achibale ochokera kutali ndi operekeza akwati. Motero anthu ena 100 akawonjezekera, chimene chimakwera ndi mipando ndi zakumwa, pomwe anthuwo amabwera ndi ndalama m'manja. Zimene zimadya ndalama zambiri sizisintha ndi kuchuluka kwa anthu: mtengo wa holo, nsalu ndi maluwa okongoletsera, mipando yapadera ya akwati, zoimbira, jenereta yodikirira kuzima kwa magetsi, keke ya nsanjika, kanema, galimoto zobwereka ndi mafuta ake. Ukwati wamakono wa oitanidwa okhaokha, wolowera khadi pakhomo ku hotela kapena kumalo a kapinga, umakhala ndi anthu ochepa koma umalipiridwa pa mbale iliyonse, ndipo kawirikawiri ndi umene umadula kuposa onse. Apa ofuna ukwati wochepa amaphonya akamaganiza kuti kuchotsa maina pa mndandanda ndiko kupulumutsa ndalama. Atha kukhumudwitsa achibale, kuchepetsa oponya ndalama, koma mtengo wa holo n'kukhala womwewo.

Ukwati wa kumudzi umachitira umboni mfundo imeneyi. Kumeneko mudzi wonse umabwera popanda khadi, koma ndalama zotuluka m'thumba zimachepa. Chimanga chimachokera m'nkhokwe, amayi amakonola ndi kupita kuchigayo, amafulula thobwa, anyamata amamanga chisakasa ndi kutema nkhuni, mbuzi ndi nkhuku zimachokera m'khola la abale, ndipo bwalo silipiridwa. Zogula zimakhala mpunga, mafuta ophikira, mchere, shuga, zovala za akwati ndi kubwereka zoimbira. Chimene mudzi umasonkha ndi ntchito ya manja ndi zokolola, ndipo n'chifukwa chake maukwati a kumudzi amachuluka anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, mtedza kapena soya. M'tauni ntchito zimenezi zidasanduka malonda. Ophika, okongoletsa ndi otumikira alendo amalipidwa, ndipo komiti imasonkha ndalama m'malo mwa manja.

Komabe oteteza phwando lalikulu nawo amaphonya akamatenga perekaniperekani ngati ndalama zodziwikiratu. Palibe amene angadziwe zimene zidzatoledwe. Zimadalira ngati tsikulo lagwa anthu atalandira malipiro kapena pakati pa mwezi, ngati Loweruka lomwelo kuli maukwati ena a anthu a mpingo womwewo, ngati kwagwa maliro, ngati kukusowa mafuta a galimoto, ngati makolo angolipira kumene fizi. Mulu wa ma K50 ndi ma K100 umaoneka waukulu m'beseni koma ukawerengedwa umachepa. Pa zotoledwazo pamachoka malipiro a woyendetsa mwambo, amene nthawi zina amagwirizana kuti atenga gawo la ndalama zonse, ndi zotsala za onse amene adalonjezedwa kuti adzalipidwa madyerero akatha. Nthawi zina mabanja amakangananso kuti ndalama zimene zidaponyedwa pamene makolo adagwira lichero ndi za yani. Ndipo zimene zatsala si mphatso yopanda chingwe, pakuti aliyense amene waponya akuyembekezera kuti akwatiwo adzavina pa tsiku lake. Perekaniperekani amayenda ngati chipereganyu chachikulu chosalembedwa, chimene wolandira lero adzabweza kwa zaka zambiri.

Pali chinthu china chimene sichinenedwa mokwanira. Perekaniperekani amakomera amene ali kale ndi anthu a ndalama. Mwana wa mkulu wa mpingo wa m'tauni, kapena wa bwana wa pakampani, amatolera zambiri chifukwa makolo ake ali ndi anzawo olemera amene ali nawo ngongole ya ubale. Mwana wamasiye, mlonda, kapena mtsikana amene wangofika kumene m'tauni kudzagwira ntchito ya m'sitolo, anzake ndi osauka ngati iye yemwe. Iwo adzabwera, adzavina ndi mtima wonse, koma zimene adzaponye sizingalipire holo yodula. Choncho mawu oti ndalama zidzabwerera patsikulo amakhala oona kwa amene sadafunikire kukongola, ndipo amanyenga amene akongola. Munthu wa m'thumba moperewera akatengera ndondomeko ya ukwati wa mwana wa bwana, amatenga mtengo wake wonse popanda kutenga anthu amene adaulipira.

Zikayezedwa bwino mbali ziwirizi, njira yodalirika imaoneka kuti ndi kusunga anthu koma kudula zobwereka, ndiponso kukonza ukwati ndi ndalama zimene zili kale m'manja, osati malonjezo kapena zoyembekezera m'lichero. Zikatero, chilichonse chimene chatoledwa patsikulo chimapita ku lendi, ziwiya kapena mpamba wa geni. Koma ngakhale pa njira imeneyi, chinthu chilichonse chofuna kudulidwa chimakhala ndi ochiteteza ake.

Chinkhoswe ndi chitsanzo chabwino. M'matauni chasanduka ukwati wachiwiri, chokhala ndi holo, yunifolomu, zoimbira ndi perekaniperekani wake. Ochiteteza amati ndalama zotoledwa pa chinkhoswe ndizo zimathandiza kukonza ukwati woyera. Otsutsa amati anthu oponya ndi omwewo, ndipo amene wakhuthula m'thumba pa chinkhoswe amabwera ndi zochepa pa ukwati. Chinkhoswe cha pakhomo pa makolo a mkazi, chokhala ndi ankhoswe, achibale apafupi, nkhuku ziwiri ndi nsima, chimakwaniritsa mwambo wonse, ndipo mabanja ena amachichita Lachisanu madzulo kapena m'mawa wa tsiku la ukwati kuti achibale a kumudzi ayende ulendo umodzi. Bridal shower nayo imapindula ngati ichitikira pakhomo kapena m'chipinda cha kumpingo. Ikafuna holo, zokongoletsa ndi diresi yakeyake, ziwiya zimene mkwatibwi walandira zimatha kuchepa mtengo poyerekeza ndi zimene zaonongedwa.

Malo a madyerero ndiwo amasiyanitsa kwambiri mitengo. Holo ya mpingo, ya sukulu kapena bwalo la pakhomo pa wachibale zimatsika mtengo, ndipo mipingo ina imachotserako akhristu ake. Kuchitira madyerero pafupi ndi tchalitchi kumachotsa kufunika kwa mdipiti wa galimoto ndi basi yonyamula anthu. Tenti imathandiza m'chilimwe, koma kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula imatha kubalalitsa anthu perekaniperekani asanafike pakati, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi imene chakudya chimakwera mtengo ndiponso anthu amakhala opanda ndalama. Kuyamba msanga ndi kumaliza kusanade kumapulumutsa za jenereta ndi za chakudya chamadzulo.

Pa zovala mkangano umakhala wa mumtima kuposa wa m'thumba. Diresi ya ukwati imavalidwa maola ochepa, ndipo kubwereka kumalo obwereketsa kapena kwa wachibale, kugula ya kaunjika n'kukakonzetsa kwa telala, kapena kusoketsa yosavuta, zonsezi n'zofala. Koma akwatibwi ambiri amaona kuti apa ndi pamene sayenera kumanidwa, ndipo mwamuna wanzeru samayambira pamenepa pofuna kudula. Suti ya mkwati ndi bwino kugula ya mtundu woti adzavalenso kutchalitchi ndi kuntchito. Kumene ndalama zimatayika mosaoneka ndi kwa operekeza. Aliyense wowonjezekera amafuna malo m'galimoto, chakudya cha masiku ophunzira magule ndi nkhomaliro ya patsikulo, ndipo mmodzi akalephera kulipira zovala zake, mtolowo umagwera akwati. Mboni ziwiri ndi ana awiri kapena anayi zimakwana. Pa zithunzi pokha mbali zonse zimagwirizana kuti wojambula wodziwa ntchito ndi wofunika, popeza ndizo zimatsala, ngakhale kuti kanema wa makamera angapo atha kusiyidwa.

Funso lovuta kuposa onse ndi loti mwini mawu ndani. Akwati akafuna zochepa koma makolo akufuna zambiri, nkhani siyenera kukathera m'gulu la WhatsApp la komiti, mmene aliyense amaponyamo maganizo popanda kuponyamo ndalama. Iyenera kupita kwa ankhoswe komiti isanakhazikitsidwe n'komwe. Mkwati kapena mkwatibwi sangauze apongozi ake maso ndi maso kuti alendo awo achuluka, koma amalume angathe kukambirana ndi amalume anzawo momasuka. Mgwirizano umene umathandiza m'mabanja ambiri ndi woti wofuna kuwonjezera kanthu abweretse mtengo wake: ngati bambo akufuna basi yonyamula anthu kuchokera ku Ntcheu, alipire basiyo; ngati amayi akufuna anzawo onse a kumpingo adye nkhomaliro, gulu lawolo lisonkhe mpunga ndi kuphika. Kumene kuli malowolo, mabanja ambiri amalola kuti aperekedwe pang'onopang'ono, ndipo ndi bwino kuti akuchikazi adziwe kuti ng'ombe, phwando ndi lendi zikuchokera m'thumba limodzi, lomwe mwana wawo adzadyeremo. Komiti nayo imagwira bwino ntchito ikauzidwa ndalama zimene zilipo pa msonkhano woyamba, m'malo moyamba ndi kulemba zofuna kenaka n'kumasaka ndalama.

Kwa amene ngakhale zochepazi sangazikwanitse, patsala njira yolekanitsa kumanga ukwati ndi madyerero. Awiriwo amachita chinkhoswe cha pakhomo, amakalembetsa ku ofesi ya DC kapena kudalitsa ukwati pa mapemphero a Lamulungu kapena pa Misa ya pakati pa sabata, ndipo phwando amalisiyira mtsogolo. Mipingo ina, makamaka ya Katolika ndi CCAP, imakonza masiku odalitsa maukwati angapo nthawi imodzi, ndipo mabanja amene adalowana kalekale amapezerapo mwayi wobwerera pa mgonero popanda kubwereka holo. Oteteza phwando amati njira imeneyi ili ndi chilema chake, ndipo akunena zoona: madyerero ochedwa kawirikawiri sachitikanso, chifukwa ana akabadwa ndalama zimapita ku sikelo, ku fizi ndi ku lendi, ndipo anthu savina ndi mtima womwewo pa ukwati wa anthu amene akhala kale m'nyumba imodzi. Makolo amatayadi tsiku lawo lobwezeredwa. Chimene banjalo limapeza ndi ankhoswe odziwika, chikalata chovomerezeka ndi boma, malo ake mumpingo, ndi chitetezo cha lamulo kwa mkazi ndi ana kuyambira tsiku loyamba.